Momwe mungakonzere mndandanda wa atolankhani owatumizira nkhani za gulu lanu

Kuli magulu ambiri m'dziko muno omwe akugwira ntchito yooneka ndi maso: makopaletivi a alimi, mabungwe a achinyamata, masukulu, oimba, eni mabizinesi ang'onoang'ono. Koma ukawafunsa chifukwa chomwe samveka pa wayilesi kapena kuwerengedwa m'nyuzipepala, yankho limakhala lomwelomwelo: "Tinawaitana atolankhani koma sanabwere." Ukafufuza bwino umapeza kuti kuitanako kunali kuponya kalata m'gulu la WhatsApp lodzaza anthu, kapena kutumiza uthenga umodzimodzi kwa aliyense amene nambala yake inapezeka m'foni ya mlembi. Mtolankhani wa zamasewero akalandira nkhani ya mitengo ya soya sayankha, ndipo palibe chomudzudzulira.

Chofunika ndi mndandanda waufupi wa atolankhani omwe mukudziwa zomwe amalemba, anthu omwe amawalembera, ndi nthawi yomwe amafuna nkhani. Mayina 15 osankhidwa bwino amagwira ntchito kuposa 200 otoleredwa mwachisawawa. Kuti zimveke, tiyerekeze gulu la amayi la ku Mchinji lomwe layamba kuyenga mafuta ophikira kuchokera ku mpendadzuwa ndipo likufuna anthu adziwe.

1. Gwirizanani kaye kuti nkhaniyi ikafike kwa yani

Musanalembe dzina lililonse, khalani pansi monga gulu. Ngati amayi aja akufuna alimi oyandikana nawo aziwagulitsa mpendadzuwa, wayilesi ya Mudziwathu ya m'boma lomwelo iwathandiza kuposa tsamba loyamba la nyuzipepala ya Chingerezi. Ngati akufuna eni magolosale a ku Lilongwe ayambe kuoda mafuta awo, akufunika masamba a zamalonda ndi mawayilesi omveka m'tauni. Ngati akufuna akuluakulu a boma ndi mabungwe adziwe kuti kuthimathima kwa magetsi kukuimitsa chigayo chawo choyengera, apo ndiye nyuzipepala za tsiku ndi tsiku, poti ndi zomwe zimafika pa matebulo m'maofesi. Zolinga zitatuzi zikufuna anthu osiyana, ndipo mukazisakaniza mndandanda wanu usokonekera pachiyambi pomwe.

2. Werengani ndi kumvetsera kwa masabata angapo

Iyi ndiye ntchito yeniyeni, ndipo ndi yomwe ambiri amaidumpha. Dzina silikuyenera kulowa pa mndandanda wanu ngati simunawerengepo kapena kumvapo nkhani ya munthuyo.

Yambani ndi nyumba ziwiri zikuluzikulu zosindikiza nyuzipepala, zomwe malikulu awo ali ku Blantyre. Nation Publications Limited imatulutsa The Nation m'kati mwa sabata, Weekend Nation Loweruka ndi Nation on Sunday Lamulungu. Times Group imatulutsa The Daily Times, Malawi News Loweruka ndi Sunday Times, komanso ili ndi Times Radio ndi Times TV. Musangoona mutu wa nkhani, onani dzina lomwe lalembedwa pansi pa mutuwo. Tsegulani masamba a zamalonda ndi a zaulimi, ndipo nthawi iliyonse mukaona nkhani yoyandikana ndi yanu, lembani dzina la mlembi, tsiku, ndi zomwe nkhaniyo imakamba. Pakatha masabata awiri kapena atatu muona kuti mayina ena akubwerabwera. Amenewo ndiwo anthu anu. Ngati kugula nyuzipepala tsiku lililonse kukulemerani, masamba awo a pa intaneti ndi a Facebook amaonetsa nkhani zambiri, ndipo nthambi za National Library Service ndi malo abwino owerengerapo.

Musanyoze masamba a Chichewa. A Nation anayambitsa Tamvani ndi Msangulutso m'nyuzipepala zawo za kumapeto a sabata, komanso Fuko, ya Chichewa ndi Chitumbuka yolunjika anthu a kumidzi. Olemba m'zilankhulo zathu kawirikawiri amasaka nkhani za anthu wamba zomwe masamba oyamba amazisiya chifukwa cha ndale, ndiye nkhani ya amayi oyenga mafuta ingapeze malo mosavuta kumeneko.

Ku wayilesi, tcherani khutu kumapeto kwa lipoti pamene wowerenga nkhani amatchula amene wazitumiza komanso boma lomwe ali. Zodiak, yomwe inayamba mu 2005, imadziwika ndi atolankhani ake a m'maboma. MBC, yomwe yakhalapo kuyambira 1964, ili ndi Radio 1, Radio 2 ndi kanema, ndipo mapulogalamu a zaulimi monga Ulimi Walero akhala akumveka kwa zaka zambiri. Palinso Capital FM ndi MIJ FM. Pa mapulogalamu, kumbukirani kuti mawu omwe mumamva si nthawi zonse omwe amasankha alendo. Pamakhala wokonza pulogalamu, ndipo dzina lake limatchulidwa mofulumira kumapeto. Limenelo ndi lomwe mulembe.

Nyuzi za pa intaneti monga Nyasa Times, Malawi24 ndi Maravi Post zimatulutsa nkhani mwachangu ndipo zimawerengedwa kwambiri ndi Amalawi okhala kunja, ku Johannesburg kapena ku London. Ziikeni ngati omwe mukufuna amve ali pakati pa anthu otero.

3. Wa MANA pa boma ndi mawayilesi a m'madera

Munthu woyamba kumulemba, amene ambiri samuganizira n'komwe, ndi wofalitsa nkhani wa boma pa khonsolo yanu. Maofesiwa ali pansi pa unduna wa zofalitsa nkhani ndipo amatumiza nkhani ku Malawi News Agency, yomwe timangoiti MANA. Ubwino wake ndi wakuti nkhani ya MANA imatengedwa ndi nyumba zina n'kuisindikiza kapena kuiulutsa. Mukamufikira mmodziyo, nkhani yanu ingatulukire malo angapo omwe inu simunagogodeko. Komanso iye amadziwa atolankhani onse omwe amagona m'bomalo, ndipo zikakhala zochitika za khonsolo amayendera limodzi. Pitani ku ofesi yake nokha, mudzidziwitse, musiye pepala lofotokoza gulu lanu.

Kenako mawayilesi a m'madera. Ku Mangochi kuli Dzimwe, ku Mulanje Mzati, ku Dedza Bembeke, ku Zomba Chanco ndi YONECO FM, kuli ya Nkhotakota, ya Mzimba, ndi ina yambiri. Onjezani ya zipembedzo monga Radio Maria, Radio Islam, Radio Alinafe ku Lilongwe, Tigabane ndi Voice of Livingstonia ku Mzuzu, Tuntufye ku Karonga. Mawayilesiwa amalankhula chilankhulo cha pamalopo, kaya Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, ndipo womvera amadziwa mudzi womwe watchulidwa. Ine ndimaona kuti pa nkhani yofuna kuti anthu achitepo kanthu, monga kubwera ku msonkhano kapena kudzagulitsa mbewu, awa ndiwo oyamba. Lembani chilankhulo cha wayilesi iliyonse, ndipo onetsetsani kuti m'gulu mwanu muli wina wolankhula bwino chilankhulocho pa maikolofoni.

4. Kupeza manambala mwa njira yoyenera

Nyuzipepala zimasindikiza manambala ndi ma imelo a maofesi awo, ndipo mawayilesi amawatchula pafupipafupi. Imbani, tchulani dzina lanu ndi la gulu lanu, nenani kuti mukufuna kulankhula ndi amene analemba nkhani yakutiyakuti. Atolankhani ambiri alinso pa Facebook, pa X ndi pa LinkedIn ndi mayina awo enieni. Mabungwe awo nawonso angakulozereni: Bwaila Media Club ku Lilongwe, Blantyre Press Club, Nyika Media Club kumpoto, komanso a olemba nkhani za mtundu umodzi monga Association of Business Journalists ndi Association of Environmental Journalists. Zochitika za pa 3 May, tsiku lokumbukira ufulu wa atolankhani, pomwe bungwe loteteza ufulu wa atolankhani la MISA Malawi limapereka mphoto, zimakuuzaninso amene achita bwino pa nkhani za ulimi, zaumoyo kapena zachilengedwe.

Nambala ya foni ya m'manja ipempheni kwa mwini wake. Mukapatsidwa ndi wina, nenani poyamba amene wakupatsani, ndipo funsani ngati akulola kuti muziwatumizira nkhani. Musamuike munthu m'gulu la WhatsApp asanavomere, ndipo mndandanda wanu musaugawe kwa aliyense wopempha. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa Data Protection Act, koma ngakhale pakanapanda lamulo, kumwaza nambala ya munthu ndi kupanda ulemu.

5. Zolemba pa dzina lililonse

Excel kapena Google Sheets zimathandiza, koma kope lachikuto cholimba limakwananso. Munthu aliyense akhale ndi mzere wake: dzina lolembedwa molondola, nyumba yomwe akugwirako, udindo wake, boma lomwe amakhala, nkhani zomwe amakonda, chilankhulo, nambala, imelo, njira yomwe iye amafuna kufikiridwa, ndi tsiku lomwe munalankhula naye komaliza. Siyani malo aakulu a ndemanga, poti ndi momwe muli phindu. Mzere wabwino ungaoneke chonchi: "Wa wayilesi, amagona pa boma. Mwezi watha anaulutsa za mitengo ya mtedza pa msika. Amafuna mawu ojambulidwa osapitirira mphindi imodzi. Samayankha imelo, muimbireni m'mawa. Anati tidzamuuze makina atsopano akafika." Mlembi wina akadzalowa m'malo mwanu, ndi mawu ochepawa adziwa poyambira.

Pa nyumba iliyonse lembani anthu awiri, mtolankhani ndi mkonzi wake, poti mtolankhani amalemba koma wosankha zotuluka ndi mkonzi. Kenako ikani chizindikiro pa mayina asanu kapena asanu ndi limodzi omwe ali pafupi kwambiri ndi nkhani yanu. Amenewa muziwaimbira mmodzimmodzi. Otsalawo uthenga wolemba ukwanira.

6. Siyanitsani nkhani ndi malonda

Nyumba iliyonse ili ndi mbali ya nkhani ndi mbali ya zotsatsa malonda. Chilengezo, uthenga wa malonda kapena pulogalamu yanuyanu zimalipiridwa, zili ndi mitengo yake, ndipo mumalandira lisiti. Nkhani siigulidwa. Manambala a mbali ziwirizi alembeni pa masamba osiyana kuti musasokoneze.

Apa mpomwe pamabwera za chipondamthengo, ndalama zopatsa mtolankhani kuti alembe nkhani, zomwe aliyense amazidziwa koma ochepa amazikamba poyera. Malamulo a kagwiridwe ka ntchito a Media Council of Malawi, bungwe loona za khalidwe la atolankhani, salola mtolankhani kulandira mphatso zoti zipotoze nkhani. Ndi zoona kuti atolankhani ambiri a m'maboma amalandira zochepa ndipo alibe galimoto, choncho ngati chochitika chanu chili kutali ndi msewu, kukonza mayendedwe a onse mofanana komanso poyera n'komveka. Koma mndandanda womangidwa pa maenvelopu ndi wosakhalitsa: tsiku lomwe thumba lauma, mafoni amasiya kuyankhidwa, ndipo simudziwa ngati nkhani yanu inali yabwino kapena ayi. Mangani pa nkhani zoona, ziwerengero zolondola, ndi kuyankha foni mtolankhani akakufunani, ngakhale pa tsiku lomwe funso lake ndi lowawa.

7. Kuugwiritsa ntchito

Uthenga woyamba ukhale waufupi ndipo uonetse kuti munthuyo mumamutsata: "Tinamva lipoti lanu la mitengo ya mtedza. Ife ndife amayi 30 omwe tayamba kuyenga mafuta kuno, Lachinayi tikutsegulira chigayo. Wapampando wathu alipo kuti mulankhule naye." Aliyense mupatseni zogwirizana ndi ntchito yake. Wa wayilesi akufuna mawu omveka bwino, opanda phokoso la injini kumbuyo. Wa kanema akufuna zoti kamera ione, mafuta akutsika m'botolo osati anthu atakhala pa mipando. Wa nyuzipepala akufuna mayina athunthu, maudindo, ziwerengero ndi chithunzi chowala. Zithunzi pa WhatsApp zitumizeni ngati document, kupanda kutero zimachepetsedwa mpaka zosasindikizika. Mukatumiza imelo imodzi kwa anthu angapo, ma adilesi awo aikeni pa BCC kuti asaonerane.

Nthawi nayo ndi nkhani. Kalata yoitanira ifike kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti chochitika chifike, ndi kukumbutsa kamodzi dzulo lake. Madzulo olemba nyuzipepala amakhala pa liwiro lotseka masamba, ndiye imbani m'mawa. Za kumapeto a sabata zimakonzedwa m'kati mwa sabata, choncho nkhani yofika Lachisanu madzulo yachedwa. Mukakumbutsa kamodzi osayankhidwa, lekani, mudzayesenso ndi nkhani ina.

8. Kuukonza

Atolankhani amasamuka kwambiri. Wa Times lero, mawa ali ku Nation, wina wapita kukakhala mneneri wa bungwe, wina wakwezedwa kukhala mkonzi. Miyezi itatu iliyonse dutsani mzere ndi mzere: imelo yomwe yabwerera ifufuteni, amene wasamuka mutsatireni komwe wapita ndipo funsani amene walowa m'malo mwake. Nkhani yanu ikatuluka, dulani pepalalo kapena sungani linki, lembani tsiku pa mzere wa mwini wake, ndipo mutumizireni mawu othokoza. Pakakhala cholakwika, monga dzina kapena chiwerengero, muuzeni iye mwini mwaulemu musanathamangire kwa mkonzi kapena pa Facebook. Ndipo mndandandawu usakhale m'foni ya munthu mmodzi yekha: sungani kope lina kwa wapampando kapena pa imelo ya gulu, kuti foni ikabedwa kapena mlembi akachoka ntchito yonseyi isapite naye.