Mmene mungatsatire ovina pa ayezi muli ku Nchalo

Kuno ku Nchalo ayezi timangomuona m'firiji, koma gule wa pa ayezi mutha kumutsatira bwinobwino pafoni. Sankhani awiri ovinira limodzi, muwalondole chaka ndi chaka. Ine ndimati yambani ndi Tessa Virtue ndi Scott Moir a ku Canada. Anayamba kuvina limodzi mu 1997 ali ana, ndipo pa masewera a Olimpiki anapata golide ku Vancouver mu 2010, siliva ku Sochi mu 2014, n'kudzatenganso golide ku PyeongChang mu 2018. Mavidiyo awo ali pa YouTube. Koperani netiweki ikakhala bwino, bandulo sachedwa kutha.

Musadikire zodumpha mozungulira m'mwamba zija, zimenezo n'za magulu ena. Inu maso akhale pa mapazi. Pali ma twizzle, pomwe onse awiri amazungulira ndi mwendo umodzi uku akuyenda, ndipo wina akangotsalira pang'ono, oweruza amadula mapointi. Mwamuna saloledwanso kunyamula mnzakeyo manja atawongolera pamwamba pa mutu.

Mpikisano uli ndi zigawo ziwiri, rhythm dance (kuvina motsatira mtundu wa nyimbo umene wasankhidwa chaka chimenecho) ndi free dance ya mphindi 4 (kuvina nyimbo yodzisankhira okha), ndipo mapointi ake amaphatikizidwa. Mipikisano ya Grand Prix, yomwe imachitika motsatizana m'mayiko osiyanasiyana, imayamba mu Okutobala, kuno dzuwa likuswa mtengo, pomwe wa padziko lonse lapansi umachitika mu Malichi.