Seva ya FreeBSD ikayamba kuvuta, musathamangire kuizimitsa

Anthu ambiri amene angopatsidwa kumene udindo woyang'anira seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) amabwera ndi chizolowezi chimene anachitenga pa kompyuta ya pa desiki, chakuti makina akangoyamba kuvuta, mankhwala ake ndi kuzimitsa ndi kuyatsanso. Pa seva chizolowezi chimenechi n'chowononga, chifukwa pamene mukuzimitsa mukufafaniza umboni wonse umene ukanakuuzani gwero la vutolo: mapulogalamu amene anali kuyenda, memory imene aliyense anagwira, ndi mafayilo amene anali otsegula. Makinawo amadzuka akuoneka ngati achira, koma pakapita masiku angapo matenda omwewo amabwerera, inu musakudziwa chimene chinawabweretsa poyamba paja.

FreeBSD, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina (operating system), inatuluka koyamba mu 1993 kuchokera ku BSD ya yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo BSD nayo mizu yake ili mu Unix imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba ku Bell Labs mu 1969. Cholowa chachikulu chimene inatenga kwa makolo akewo n'chakuti pafupifupi chilichonse chochitika m'makina chimalembedwa m'mafayilo a mawu wamba amene munthu angathe kuwerenga ndi maso ake. Choncho ntchito yoyamba ya woyang'anira ndi kufunsa makinawo, pakuti safunsa anadya phula. Tsegulani /var/log/messages ndipo muyang'ane mizere ya nthawi imene anthu anayamba kudandaula. Lamulo la dmesg likusonyezani zimene kernel, mtima wa FreeBSD umene umayendetsa zipangizo, yakhala ikunena za madisiki ndi zipangizo zina, top ikusonyezani pulogalamu imene ikudya mphamvu, ndipo df -h ikuuzani malo otsala pa disiki. Mukatero dzifunseni moona mtima chimene chasintha posachedwa, chifukwa seva imene yayenda bwino miyezi yambiri siiyamba misala popanda womuputa.

Vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri kuposa ena onse ndi la disiki yodzaza, ndipo limabwera litavala zovala zosiyanasiyana: makalata sakutuluka, database ikukana kulemba, kapena pulogalamu ikungofa mwakachetechete. Pa UFS, imene ndi njira imodzi yosanjira mafayilo pa disiki, musadabwe mukaona df ikunena kuti gawo lina ladzaza mpaka 108 peresenti. Sikuti yalakwitsa masamu ayi, koma UFS imasungira root, akaunti ya woyang'anira wamkulu, 8 peresenti ya malo imene siiwerengedwa pa malo a anthu wamba, ndipo chiwerengero chikapitirira 100 ndiye kuti mwayamba kudya ndi nkhokwe yomwe. Nthawi zina malo amakhalapo ndithu koma fayilo yatsopano ikukanika kupangidwa. Pamenepo yesani df -i, chifukwa n'kutheka kuti timafayilo ting'onoting'ono tambirimbiri tatha ma inode onse, timalo timene timasunga mbiri ya fayilo iliyonse.

Pali msampha umodzi umene ndinagweramo ndekha. Tsiku lina ndinaitanidwa ku ofesi ina kumene gawo la /var linali litadzaza, ndipo du, imene imayeza kukula kwa mafayilo, inandilozera pa log (fayilo yolembamo zochitika) imodzi ya pulogalamu ya webusaiti imene inali itatupa koopsa. Ndinaifufuta ndi rm, n'kupumira m'mwamba poganiza kuti ntchito yatha. Nditayang'ananso df, chiwerengero chinali chomwe chija, osasuntha ngakhale pang'ono, pamene du inali kunena kuti gawolo lili pafupifupi lopanda kanthu. Chinsinsi chake n'chakuti mu Unix, rm imangochotsa dzina la fayilo, koma malo ake sabwezedwa mpaka pulogalamu yomaliza imene inaitsegula itaitseka. Pulogalamu ija inali ikulembabe m'fayilo yopanda dzina. Nditalemba fstat -f /var ndinaona mzere umodzi wokhala ndi nambala yaikulu zedi pa kukula kwake, pambali pake pali dzina la pulogalamuyo ndi PID yake (nambala yoizindikirira), ndipo nditaiyambitsanso iyo yokha ndi lamulo la service, malo onse anabwerera nthawi yomweyo. Kunena zoona, kuzimitsa seva yonse kukanabwezanso malowo, koma sindikanadziwa kuti wina anayatsa log ya debug n'kuiiwala, ndiponso kuti fayiloyo sinalembedwe mu /etc/newsyslog.conf kuti izidulidwa ikakula. Kuyambira pamenepo log yotupa sindiifufuta, ndimaikhuthula ndi truncate -s 0, kenako n'kuilembetsa kwa newsyslog. Amene mukugwiritsa ntchito ZFS m'malo mwa UFS kumbukiraninso kuti snapshot (chithunzi cha mafayilo monga analili pa nthawi ina) imagwira malo a mafayilo amene munafufuta kale, ndipo zfs list -t snapshot ndiyo ingakuululireni zimenezo.

Za memory sindichulutsa mawu. Pulogalamu ikamafa yokha popanda chifukwa chooneka, funani mu /var/log/messages mzere wonena kuti kernel yaipha chifukwa cha kutha kwa swap (malo a pa disiki othandizira memory ikachepa), ndipo swapinfo ikutsimikizirani. Ngati anthu akulephera kufika pa pulogalamu imene ikuyenda, sockstat -4 -l ikusonyezani ngati ikumveradi pa port ndi adiresi imene mukuganiza.

Mukapeza gwero, pamabwera gawo limene manja a woyang'anira amawononga zambiri kuposa vuto lenilenilo. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo musanakhudze fayilo iliyonse, ikopereni pambali ndi dzina lokhala ndi deti la tsikulo. Zoyambitsa mapulogalamu zimalembedwa mu /etc/rc.conf, ndipo n'kwanzeru kuzilemba ndi sysrc kusiyana ndi pamanja, chifukwa chizindikiro chimodzi chosatsekedwa m'fayilo imeneyi chingathe kusokoneza kudzuka kwa makina onse. Fayilo ya /etc/defaults/rc.conf ndi yowerenga chabe, musaisinthe. Makonzedwe a mapulogalamu amene munaika ndi pkg ali mu /usr/local/etc, ndipo ambiri amene anazolowera Linux amataya nthawi kuwafuna mu /etc.

Chenjezo lalikulu likupita kwa inu amene mumayendetsa seva muli kutali kudzera pa SSH, chifukwa n'kosavuta kudzitsekera nokha kunja kiyi ali m'kati. Mukasintha makonzedwe a sshd, pulogalamu imene imakulandirani pa SSH, yambani mwawayesa ndi sshd -t, ndipo malamulo a firewall ya PF muwayese ndi pfctl -nf /etc/pf.conf, imene imawerenga fayiloyo popanda kuigwiritsa ntchito. Koma dziwani kuti mayeso amenewa amangoona kalembedwe, sangakuuzeni kuti mwaiwala kutsegula port 22, khomo limene SSH imalowera. N'chifukwa chake musanayatse malamulo atsopano muzikonzeratu ndi lamulo la at kuti pfctl -d, imene imazimitsa firewall, ichitike yokha pakapita mphindi zisanu. Mukalowa bwinobwino pa windo lachiwiri, mufufute lamulo lodikiralo, ndipo mukalephera kulowa, mungodikira kanthawi chitseko chitseguke chokha. Windo loyamba musalitseke mpaka lachiwiri litatsimikiza.

Pa nkhani yokweza makina, maganizo anga ndi akuti amene ali pa ZFS alibe chowiringula. Lamulo la bectl, limene linabwera ndi FreeBSD 12.0, limasunga chithunzi cha mafayilo oyendetsera makina m'kanthawi kochepa, moti freebsd-update kapena pkg upgrade ikakubweretserani mavuto, mumangosankha chithunzi chakalecho pa menyu yoyambira n'kubwerera pamene munali. Izi sizilowa m'malo mwa backup yosungidwa pa makina ena, chifukwa disiki ikafa imafa ndi zithunzi zake zomwe.

Chinthu china chimene ndimapeza chitanyalanyazidwa pafupifupi pa seva iliyonse imene ndayendera ndi makalata a root. Usiku uliwonse cha m'ma 3 koloko, pulogalamu ya periodic imayendera makina n'kulemba lipoti la malo a pa disiki, la anthu amene analephera kulowa, ndi la mapulogalamu amene apezeka ndi ziboo zachitetezo, koma malipotiwa amangounjikana m'bokosi limene palibe amalitsegula. Lembani adiresi yanu ya imelo pa mzere wa root mu /etc/aliases, ndipo ngati muli pa ZFS onjezani daily_status_zfs_enable="YES" mu /etc/periodic.conf kuti lipotilo lizinenanso za thanzi la madisiki. Mukamaliza, dzitumizireni kalata yoyesera ndi lamulo la mail root, ndipo muonetsetse kuti yafikadi musanachoke pa mpando.