Musanaumbe njerwa za sekondale yatsopano

Yambani mwawerenga ana a Sitandade 8 m'mapulayimale oyandikana nanu. Chiyambire 1994, pomwe pulayimale idakhala yaulere, ofuna malo a Fomu 1 ndi ochuluka zedi. Kenako kambiranani ndi amfumu za malo, ndipo mgwirizanowo ulembedwe papepala, chifukwa malo opatsana pakamwa amadzutsa milandu makalasi ataima kale.

Ine ndimaumirira kuti mjigo, zimbudzi za atsikana ndi nyumba za aphunzitsi zimangidwe limodzi ndi makalasi. Mphunzitsi wa sayansi sangakhalitse kumudzi akugona m'kalasi.

Ngati ndi CDSS (sekondale yoyendera ya m'dera), mphunzitsi wamkulu amachokera ku Unduna wa Zamaphunziro, koma komiti ya sukulu mumasankha nokha. Msungichuma asakhale m'bale wa wapampando, ndipo teremu iliyonse aziwerenga malisiti pamaso pa makolo.