Kusankha matayala a nyengo zonse a minivan ya banja

Minivan isanakwere ndi munthu mmodzi yemwe imakhala ikulemera kale pafupifupi matani 2. Mukakwezamo anthu 7 kapena 8, zikwama kumbuyo ndi katundu wina padenga, kulemerako kumadutsa matani 2.5, ndipo konseko kumatsamira pa timalo tinayi tokha pomwe mphira imakhudza msewu, kalikonse kakukula ngati chikhatho cha munthu wamkulu. N'chifukwa chake posankha matayala a galimoto yotereyi mafunso oyamba ndi awiri: kodi tayalali lisenza katunduyu, nanga liima bwanji pamsewu wonyowa? Mtengo, phokoso ndi kukhalitsa zibwere pambuyo.

Musanapite kwa ogulitsa

Tsegulani chitseko cha dalaivala muyang'ane pamphuthu pake. Pali kachikwangwani komata komwe opanga galimoto analembapo saizi ya matayala ndi mpweya wofunika kutsogolo ndi kumbuyo. Pa galimoto zina kamakhala mkati mwa kachitseko kothirira mafuta. Kajambuleni pafoni. Musadalire zolembedwa pa matayala omwe ali pagalimotopo panopa, makamaka ngati munaigula kwa munthu wina, chifukwa mwini wake woyamba akhoza kuti anaika zomwe anapeza tsiku limenelo.

Tiyerekeze kuti palembedwa 235/60R17 102T. Nambala ya 235 ndi kutambalala kwa tayala mu mamilimita. Ya 60 ikunena kuti khoma la m'mbali ndi lalitali 60 peresenti ya kutambalalako, omwe ndi mamilimita 141. R ndi kapangidwe ka radial, komwe ulusi wa mkati umayalidwa mopingasa tayala, ndipo 17 ndi kukula kwa limu mu mainchesi. Ambiri amathera pomwepa, kuiwala 102T, pomwe pa minivan m'pamene pagona nkhani.

Nambala ya 102 ndi ya katundu yemwe tayala limodzi lingasenze likapopedwa mokwanira. Si makilogalamu ayi, ndi nambala yoimira: 99 ndi makilogalamu 775, 100 ndi 800, 102 ndi 850, 104 ndi 900, 107 ndi 975. Tsono taonani zomwe zimachitika kawirikawiri. Wogulitsa alibe saizi yanu, koma ali ndi 225/60R17 99H, ndipo akukuuzani kuti likwana. Kukwana likwanadi pa limu, ndipo kutalika kwake kwangochepa ndi mamilimita 12 basi, moti ndi maso simungasiyanitse. Koma tayala lililonse lachepa mphamvu ndi makilogalamu 75, onse anayi makilogalamu 300, kulemera kwa anthu akuluakulu anayi. Mukamayenda nokha m'tauni simudzaona vuto. Vuto limadza pa ulendo wautali, dzuwa likuswa mtengo, mipando yonse ili ndi anthu. Tayala lolemedwa limapindika kwambiri m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, kupindikako kumabala kutentha, kutentha kumalekanitsa mphira ndi malamba a waya a mkati, ndipo mapeto ake ndi kuphulika muli pa liwiro. Nambala imeneyi ikhale yofanana ndi ya pachitseko kapena yoposerapo. Kutsika nayo ayi, ngakhale ndi imodzi.

Matayala ena amalembedwa XL. Awa ndi olimbitsidwa mkati kuti alandire mpweya wochuluka ndi kusenza zambiri pa saizi yomweyo. Mwachitsanzo 235/60R18 wamba nthawi zambiri amakhala 103, pomwe wa XL amakhala 107. Ngati galimoto inatuluka ku fakitale ndi XL, bwezeranipo XL. Ngati inatuluka ndi wamba, kuika XL sikulakwa, ndipo kwa banja lomwe limadzaza galimoto pafupipafupi ife timakuona kwanzeru, kungoti mabampu amamveka pang'ono kuposa kale. Dziwaninso kuti mphamvu yoonjezerayo imabwera ndi mpweya woonjezera. XL wosapopedwa bwino sasiyana ndi wamba.

Chilembo chomaliza ndi cha liwiro: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, H ndi 210, V ndi 240. Palibe amene akufuna kuthamanga chotero ndi ana m'galimoto, koma chilembocho chimasonyezanso momwe tayala limapiririra kutentha. Nachonso musatsike nacho.

Ngati pali chifukwa chenicheni chosinthira saizi, kutalika kwa tayala lonse kusasiyane ndi koyamba kupitirira 3 peresenti. Kukapitirira, wotchi ya liwiro imanama, ABS (makina oletsa mawilo kumangika mukaponda buleki mwamphamvu) ndi makina oletsa kutsetsereka amawerenga molakwika, ndipo tayala limatha kukhula bodi mukakhota mutalemedwa.

Mawu akuti nyengo zonse

Mawuwa amalonjeza zambiri kuposa zomwe tayala lingathe. Mphira ya matayala a nyengo yotentha imayamba kuuma kukazizira kutsika pa madigiri 7, pomwe ya nyengo yozizira imafewa mopitirira kukatentha n'kumatha msanga. Tayala la nyengo zonse lili pakati: limachita bwino mokwanira konsekonse, koma silipambana kumbali iliyonse.

Yang'anani zizindikiro ziwiri m'mbali mwake. M+S amatanthauza matope ndi chipale chofewa, koma chizindikirochi chimangotengera kapangidwe ka mapazi a tayala, osati mayeso a pamsewu. Chizindikiro chinacho ndi kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale mkati. Chimenechi chimaperekedwa tayala likakhoza mayeso enieni pa chipale chofewa. Ngati kwanuko chipale chimagwa kangapo pachaka, gulani okhala ndi kaphiriko. Ngati misewu imaundana miyezi ingapo, musadzinamize, pamafunika matayala a nyengo yozizira enieni, chifukwa pa madzi oundana la nyengo zonse limaterereka. Ndipo ngati kwanuko chipale sichidziwika n'komwe, kaphiriko sikakuthandizani kanthu. Ikani mtima wonse pa mvula ndi kutentha.

Pa mitundu, minivan imayenda bwino ndi matayala oyendera pa tala omwe amatchedwa touring kapena grand touring. A mapazi akuluakulu oyendera m'tchire amaoneka amphamvu, koma pa tala amalira, amamwetsa mafuta ndipo ambiri amachedwa kuima pamvula.

Kuima pamsewu wonyowa

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa matayala awiri ofanana saizi, ofanana maonekedwe, amatha kusiyana kutali mukaponda buleki mvula ikugwa. Mizere ikuluikulu yozungulira tayala ndi ngalande zotulutsira madzi. Timizere ting'onoting'ono tokhala ngati tocheka ndi lezala timatseguka tayala likaponda pansi n'kudula kamadzi kotsalira kuti mphira ifike pa tala. Madzi akachuluka kuposa omwe ngalandezo zingatulutse, tayala limakwera pamwamba pa madzi, chiwongolero chimapepuka m'manja mwadzidzidzi, ndipo buleki sigwira kanthu.

Ndi maso simungadziwe lomwe liima bwino, koma pali zolembedwa zokuthandizani. Matayala ogulitsidwa motsatira malamulo a European Union amabwera ndi chipepala chosonyeza magiredi atatu: kamwedwe ka mafuta kuyambira A mpaka E, kugwira pamsewu wonyowa kuyambira A mpaka E, ndi phokoso lakunja. Pakati pa giredi yapamwamba ndi yotsikitsitsa ya pamadzi, mtunda woimira pa liwiro la makilomita 80 pa ola umatha kusiyana ndi mamita pafupifupi 18, kuposa minivan zitatu zondondozana. Pa galimoto ya banja tengani A kapena B. Giredi ya mafuta ikatsikako ndi sitepe imodzi palibe chodandaula.

Matayala a msika wa ku United States amadindidwa m'mbali mawu atatu. Traction ndi kuima pamadzi mukuyenda molunjika, ndipo magiredi ake ndi AA, A, B ndi C. Temperature ndi kupirira kutentha, A, B kapena C. Sankhani A kapena AA pa loyambalo, ndipo pa lachiwirilo A ngati mumayenda maulendo aatali kotentha, B akhale malire. Treadwear ndi nambala ya kukhalitsa, ndipo matayala ambiri a touring amakhala pakati pa 500 ndi 800. Nambala iyi amaika ndi opanga eni ake, choncho imathandiza poyerekeza matayala a kampani imodzi, koma 700 wa kampani ina sangafanane ndendende ndi 700 wa inzake. Musakopeke ndi nambala yaikulu yokha. Mphira yolimba kwambiri imakhalitsadi, koma nthawi zina imatero potaya kugwira pamadzi. Chimodzimodzi lonjezo la makilomita omwe tayala liyende: limagwira ntchito pokhapokha muli ndi malisiti osonyeza kuti munkasinthanitsa matayala pa nthawi yake.

Zaka za tayala, ndi angati ogula

Pezani zilembo za DOT m'mbali mwa tayala, muwerenge manambala anayi omalizira. 2324 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2024. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, ndiye litembenuzeni. Mphira imakalamba ngakhale tayala lili pashelefu. Opanga galimoto ambiri amalangiza kusintha matayala akakwana zaka 6, ndipo opanga matayala amati asapitirire zaka 10 zivute zitani. Tayala latsopano lomwe lagona m'sitolo chaka chimodzi lilibe vuto ngati linasungidwa pamthunzi, koma la zaka zitatu kapena zinayi lakudyerani kale theka la moyo wake. Onani tsiku pa tayala lililonse asanalilowetse pa limu.

Tayala latsopano limakhala ndi mapazi akuya pafupifupi mamilimita 8. M'maiko ambiri malire a lamulo ndi 1.6, ndipo mkati mwa ngalande muli timizere topingasa tomwe timalingana ndi mapazi akafika pamenepo. Osadikira kufika apo. Akatsika pa mamilimita 3 kuima pamvula kumakhala kutaipa kale, ndipo pa chipale malire abwino ndi 4.

Chabwino koposa ndi kusintha onse anayi, mtundu umodzi. Ngati thumba likulola awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi kutsogolo. Ambiri amakana zimenezi poti akutsogolo ndi omwe amatha msanga. Chifukwa chake n'chakuti kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva pa chiwongolero, n'kuchotsa phazi pa moto, galimoto n'kubwerera mumzere. Kumbuyo kukaterereka pokhota, galimoto imazungulira, ndipo minivan yaitali yodzaza anthu ndi yovuta kuibweza. Pa ekiselo imodzi musasakanize mitundu kapena masaizi. Ngati yanu ndi ya AWD, yokoka ndi mawilo onse, werengani buku lake, chifukwa kusiyana kwa mapazi kukakula makina ogawa mphamvu amagwira ntchito mosapuma n'kuwonongeka. Ma minivan ena a AWD anatuluka ndi matayala a run-flat opanda sipeya, omwe amayenda pafupifupi makilomita 80 pa liwiro losaposa 80 ataphwa. Mukawachotsa n'kuika wamba, konzani pomwepo za sipeya ndi jeke.

Pa tsiku loika

Asanataye akalewo, ayang'anitsitseni ndi kuwasisita ndi dzanja, chifukwa amaulula matenda a galimoto. Kutha pakati pokha ndi mpweya wochuluka. Kutha m'mphepete monse muwiri ndi mpweya wochepa. Kutha mbali imodzi, kapena mapazi akuthwa ngati mano a sowo mukasisita chopingasa, ndi alayimenti. Zigamba zakuya apa ndi apo mozungulira ndi mashoko otha kapena balansi. Mukapanda kukonza chomwe chinadya akalewo, atsopanonso adyeka chimodzimodzi m'miyezi yochepa. Choncho pimitsani alayimenti tsiku lomwelo, ndipo gudumu lililonse lichitidwe balansi. Chiwongolero chikamanjenjemera pa liwiro la 90 mpaka 110, bwererani akabwereze.

Mavalavu a mphira asinthidwe pamodzi ndi matayala. Ngati galimoto ili ndi masensa a mpweya a TPMS mkati mwa malimu, muuzeni makaniko asanayambe kuti asawathyole pochotsa tayala, ndipo akamaliza awakonzenso kuti nyali ya pa dashibodi izime. Tayala lolembedwa Outside mbali imeneyo iyang'ane kunja. Lokhala ndi muvi ndi mawu akuti Rotation lizungulire komwe muviwo waloza, apo ayi limakokera madzi pansi pake m'malo mowataya.

Manati amangidwe modumphadumpha ngati mukujambula nyenyezi, ndipo pomaliza agwiritse sipanala yoyeza mphamvu, osati mfuti ya mpweya yokha. Nambala yake ili m'buku la galimoto, ndipo pa ma minivan ambiri imakhala pakati pa 100 ndi 140 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira). Kumangitsa kumatamula mabauti ndi kupinda madisiki a mabuleki. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, ayezeninso.

Mpweya ndi wa pachitseko uja, kawirikawiri 33 mpaka 36 psi, kapena 2.3 mpaka 2.5 bar, ndipo galimoto zina zili ndi nambala yachiwiri ya pomwe mwadzaza. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire apamwamba, si yoyendera. Yezani matayala ali ozizira, galimoto itaima maola atatu, kamodzi pamwezi komanso m'mawa wa ulendo wautali. Mukayeza muli pakati pa ulendo n'kupeza mpweya wakwera, musauphwetse, ndi kutentha chabe.

Pa makilomita 8,000 mpaka 10,000 aliwonse sinthanitsani malo. Pa minivan yokoka ndi kutsogolo, akutsogolo amapita kumbuyo mbali yomweyo, akumbuyo amabwera kutsogolo mopingasa. A muvi aja sapingasa, amangosinthana kutsogolo ndi kumbuyo. Msomali ukalowa pa mapazi ndipo bowo lake silikuposa mamilimita 6, tayala limamatika bwino akalichotsa pa limu n'kumata mkati. Bowo kapena chotupa cha m'mbali sichimatidwa, tayalalo latha. Sipeya yaing'ono ija, yomwe pa ma minivan ambiri imabisala pansi pa galimoto kapena pansi pa mipando, imafuna 60 psi ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Itulutseni tsiku lomwelo muiyeze mpweya, muwerengenso manambala ake anayi a DOT.