Malangizo a Boma la America pa Kuunika Cilengedwe Makampani Asanayambe Kupanga HALEU

Mu October 2024, unduna woona za mphamvu ku United States, umene eni ake amaucha Department of Energy kapena DOE mwacidule, unatulutsa cikalata comaliza counika mmene nthaka, madzi, mpweya ndi anthu zingakhudzidwile makampani akayamba kupanga HALEU wogulitsa, mtundu wa uranium wopangila mafuta a ng'anjo zatsopano za nyukiliya. Nambala yake ndi DOE/EIS-0559, ndipo mukailemba pa intaneti cikalataco cimapezeka kwaulele. Mu December caka comweco undunawo unalengeza kuti nchitoyi ipitilile. Pansipa ndaika m'Cinyanja zimene muyenela kudziwa pociwelenga, ofesi imene muyenela kugogoda pa gawo lililonse, ndi kalembedwe ka ndemanga imene boma silingaikankhile pambali.

Yambani mwadziwa cimene cikugulidwa

Uranium wofukulidwa m'nthaka ali ndi mitundu iwili ikulu-ikulu. Mtundu umene umayaka m'ng'anjo ya nyukiliya, U-235, umangokwana 0.7 pelesenti cabe, ndipo wotsalawo pafupifupi wonse ndi U-238. Ng'anjo zimene zikupanga malaiti masiku ano zimadya uranium wosefedwa mpaka U-235 atafika ca m'ma 5 pelesenti. HALEU ndi uranium wosefedwa kupyola 5 koma osafika 20. Malile a 20 pelesenti sanaikidwe mwamasewela: kuyambila pamenepo kupita m'mwamba, uranium amawelengedwa m'gulu limene maiko amaliyang'anila kwambili poopa zida za nkhondo. Ng'anjo zambili zatsopano, monga Natrium ya kampani ya TerraPower ku Kemmerer, Wyoming, ndi Xe-100 ya X-energy, zinakonzedwa kuti zizidya HALEU, cifukwa amalola ng'anjo kukhala yaing'ono ndi kuyaka nthawi yaitali osaiikila mafuta atsopano.

Vuto linali lakuti dziko lokha limene linali kugulitsa HALEU pamsika ndi Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba, TerraPower inalengeza mu December 2022 kuti Natrium icedwa ndi zaka zosacepela ziwili cifukwa cosowa mafuta. Lamulo la Energy Act la 2020 linali litalamula kale DOE kuti ithandize kupezeka kwa HALEU, lamulo la Inflation Reduction Act la 2022 linaikapo madola 700 miliyoni, ndipo mu May 2024 kunasainidwa lamulo loletsa kugula uranium ku Russia, kupatulako zilolezo zapadela zimene zidzatha kumapeto kwa 2027. Ku Piketon, Ohio, kampani ya Centrus ili ndi makina 16 osefela. Inapeleka makilogilamu 20 oyamba mu November 2023, ndipo makinawo amatha kutulutsa makilogilamu 900 pacaka. Cimene DOE inaunika m'cikalataci ndi kugula matani ofika 290 m'zaka 10, wosefedwa pakati pa 19.75 ndi 20 pelesenti. Mukayelekezela manambala awiliwo muona kuti mafakitale ayenela kukula kwambili, kapena kumangidwa atsopano.

Cifukwa cake cikalataci cinalembedwa

Lamulo la NEPA, limene linayamba kugwila nchito pa 1 January 1970, limati boma lisanacite cinthu cacikulu cimene cingasinthe cilengedwe, liyambe launika poyela. DOE inalengeza colinga cake mu June 2023 ndi kufunsa anthu zoyenela kuunikidwa. Cikalata coyamba cinatuluka mu March 2024, anthu anapatsidwa masiku 45 oti apelekepo ndemanga, ndipo mu April kunacitika misonkhano ya pa intaneti. Njila zimene zinayelekezedwa ndi ziwili cabe: kugula HALEU, kapena kusacitapo kanthu. Dziwani kuti NEPA imakakamiza boma kuunika ndi kuuza anthu zimene lapeza, koma sililikakamiza kusankha njila yosaononga kwambili.

Tsatilani ulendo wonse wa uranium

Musawelenge gawo la kusefa lokha. Cikalataci cimatsata uranium kucokela kumgodi ndi kucigayo ca miyala, kupita kumene amamusandutsa UF6 (uranium wophatikizidwa ndi fluorine), kukasefedwa, kubwezedwanso kukhala ufa kapena citsulo, kusungidwa, ndi kunyamulidwa pamseu pakati pa malo onsewa. Cimakhudzanso zimene zidzatsatilapo: kuumba mafuta enieni, kuwayatsa m'ng'anjo, ndi kusunga mafuta otha nchito.

UF6 ndiye mtima wa nchitoyi, conco m'dziweni bwino. Akazizila amakhala ngati mcele woyela wouma m'silinda yacitsulo. Akatenthedwa kupyola madigili 56 Celsius amasanduka mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umalowa m'makina ochedwa centrifuge, mapaipi aatali oimilila amene amazungulila mwaliwilo loopsa kuti U-238 wolemelayo akankhidwile kukhoma, U-235 wopepukayo atsalile capakati. Silinda ikadontha, UF6 amakumana ndi cinyezi ca mumpweya, nthawi yomweyo pamatuluka utsi woyela wokhala ndi asidi wa hydrogen fluoride. Utsi umenewo umaocha khungu, maso ndi mapapo, ndipo uranium amene ali mmenemo amaononga impso. Kwa wanchito amene waima pafupi ndi silinda, coopsa coyamba ndi poizoni ameneyu, ceza ca radiation cimabwela pambuyo. Ku America fakitale imene imapanga UF6 ndi imodzi, ya Honeywell ku Metropolis, Illinois, ndipo inatsegulidwanso mu 2023 itakhala yotseka kwa zaka zingapo.

Amene anapitako kucigayo adziwa kuti ufa woyela umasiya gaga. Kusefa uranium kumasiya gaga woculuka kuposa ufa. Kuti mupeze kilogilamu imodzi ya HALEU wa 19.75 pelesenti, mufunika makilogilamu pafupifupi 40 a uranium wa m'nthaka. Conco matani 290 afuna matani oposa 10,000 a uranium wotelo, ndipo pafupifupi onsewo adzatsala m'masilinda ngati UF6 wosukuluka. Ku Paducah, Kentucky, ndi ku Piketon komweko kunaunjikana masilinda oposa 50,000 a zotsala za kusefa kwa zaka zakale, ondandalikidwa pabwalo, ndipo nchito yowasandutsa ufa wosavuta kusunga ikali mkati. Powelenga, funsani kuti zotsala zatsopanozi zidzakhala kuti, ndipo adzazilipilila ndani.

Pali zina ziwili zimene HALEU amasiyanila ndi mafuta akale. Coyamba ndi citetezo: malo osunga makilogilamu 10 kapena kuposa a U-235 wosefedwa pakati pa 10 ndi 20 pelesenti amalowa m'gulu la Category II, limene limafuna ulonda wokhwima kuposa mafakitale a masiku onse. Caciwili ndi kanyamulidwe. Uranium wosefedwa kwambili akaunjikana malo amodzi, makamaka pakalowa madzi, angayambe kuyaka yekha. Silinda ya 30B imene imanyamula matani oposa awili a UF6 wa 5 pelesenti singadzazidwe ndi HALEU mwa njila imodzimodziyo. Pafunika zotengela zina zolowa zocepa, ndiye kuti maulendo a mathilaki adzaculuka.

Apa ndiye pofunika kuchela khutu

Cikalataci sicinaunike malo enieni ngakhale amodzi. Pamene cinali kulembedwa, DOE inali isanadziwe makampani amene adzapatsidwa nchito kapena kumene adzamanga. Olemba anatenga zikalata zakale zounika mafakitale a uranium wa 5 pelesenti, n'kuyelekezela mmene zinthu zingakhalile pa mitundu itatu ya malo: fakitale ya uranium imene ilipo kale, malo amene panali fakitale ina, ndi thengo limene silinakhudzidwepo. Kenako anagwilitsa nchito miyeso itatu ya bungwe loyang'anila za nyukiliya la NRC. SMALL ndi kusintha kosaoneka kapena kocepa kwambili. MODERATE ndi kusintha kooneka koma kosagwetsa cinthuco. LARGE ndi kusintha kooneka ndiponso kokwanila kucisokoneza.

Mukaona mau akuti SMALL m'tebulo, musaimile pomwepo. Yang'anani kuti akukamba za mtundu uti wa malo. Kuonjezela makina m'fakitale ya Urenco ku Eunice, New Mexico, imene ili kale ndi mpanda, miseu ndi laisensi, n'kosiyana kutalitali ndi kugwetsa mitengo pamalo atsopano. Ndipo gawo limene miyeso yake imadalila kwambili malo ndi la migodi ndi zigayo za miyala. Ine ndiona kuti pamenepa ndi pamene cikalataci cili copepuka kuposa kulemela kwa nkhaniyo, cifukwa kumigodi n'kumene anthu wamba analipila kale mtengo waukulu. Pa 16 July 1979, damu losunga zinyalala za cigayo ca uranium ku Church Rock, New Mexico, linaphulika, ndipo malita oposa 300 miliyoni a madzi a asidi ndi radiation anatsikila mumtsinje wa Puerco, kumene a Navajo, mtundu wa eni nthaka a ku America, anali kumwetsa nkhosa zawo. M'dziko la a Navajo muli migodi ya uranium yosiyidwa yoposa 500, ndipo mu 2005 iwo anakhazikitsa lamulo lawo loletsa kukumba uranium. Cigayo cokha ca miyala ya uranium cimene cikugwila nchito ku America, White Mesa ku Utah, cili pafupi ndi mudzi wa a Ute Mountain Ute, mtundu wina wa eni nthaka, amene akhala akudandaula za madzi awo kwa zaka zambili. Njila inayo, yopopela mankhwala pansi kuti asungunule uranium ndi kum'koka ndi zitsime, monga amacitila ku Wyoming ndi ku Texas, sisiya milu ya mcenga pamtunda, koma funso lake lili pa madzi a pansi: kodi adzabwelela mmene analili?

Dziwani ofesi yoyenela

DOE ndi wogula cabe. Mu October 2024 inasankha makampani anayi amene angapikisane pa nchito yosefa: Centrus, Urenco, Orano ndi General Matter. Koma amene amapeleka laisensi ya fakitale yosefa, yobwezela UF6 kukhala ufa, kapena youmba mafuta ndi NRC, ndipo kumeneko n'kumene malo enieni amaunikidwa, mtsinje ndi mtsinje, mudzi ndi mudzi. Zigayo za miyala ndi migodi ya zitsime m'zigawo monga Utah, Wyoming ndi Texas zimayang'anilidwa ndi boma la cigawoco, mogwilizana ndi NRC. Migodi yokumba wamba sili m'manja mwa NRC: ili pansi pa maboma a zigawo ndi mabungwe oyang'anila nthaka ya boma. Kalata yotumizidwa ku ofesi yolakwika imafika nthawi itatha.

Kalembedwe ka ndemanga

Nthawi ya ndemanga pa DOE/EIS-0559 inatha, koma fakitale iliyonse ikapempha laisensi, mwayi ungatsegukenso. Zilengezo zimatuluka mu Federal Register, gazeti ya boma la America. Pezani nambala ya Docket ID imene yalembedwa m'cilengezoco, ilembeni pa regulations.gov, ndipo tumizani ndemanga yanu m'Cingelezi tsiku lotsekela lisanafike. Simufunika kukhala nzika ya America kuti mulembe. Zikalata zimene kampani yapeleka zimapezeka m'nkhokwe ya NRC yochedwa ADAMS.

Ndemanga si voti. Anthu cikwi akalemba kuti "sitifuna", boma limawayankha ndi ndime imodzi. Chulani tsamba ndi tebulo limene mukukamba. Onetsani cimene casiyidwa, nambala imene ikuoneka yolakwika, kapena njila ina imene sinaganizilidwe, ndipo ngati muli ndi umboni uikenipo. M'malo molemba kuti madzi adzaonongeka, lembani kuti tebulo lakuti lachula zitsime zoyezela za kumpoto kokha, pamene madzi a pansi amayendela kum'mwela kumene kuli mudzi. Ndemanga yotelo imafuna yankho lake-lake. Kumbukilaninso kuti zimene mwalemba zimaikidwa poyela, conco musalembemo nambala ya foni, adilesi ya kunyumba kapena ciliconse cimene simufuna kuti cionedwe ndi aliyense.

Kwa ife a ku Zambia, kawelengedwe kameneka si kacilendo. Uranium alipo m'dela la Siavonga ndi Chirundu, ndipo kwa anansi athu ku Malawi mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009. Msika wa uranium ukakwela cifukwa ca zosankha za maiko akulu, makampani amayamba kuyang'ananso miyala ya kuno. Zikatelo, cikalata cofanana ndi ici cimapita ku ZEMA, bungwe loyang'anila cilengedwe kuno ku Zambia, pansi pa lamulo la Environmental Management Act la 2011, ndipo mafunso ake ndi omwewa: zinyalala zidzaunjikidwa pati, damu lidzalimba bwanji mvula ikaculuka, ndani adzayeza madzi a m'zitsime mgodi ukadzatsekedwa.

Comaliza ca malangizowa ndi nkhani ya masiku. Mu 2025 kayendetsedwe ka NEPA kanasinthidwa: bungwe la CEQ, loona za cilengedwe ku White House, linacotsa malamulo ake akale, DOE inalemba njila zake zatsopano, ndipo NRC inalamulidwa kuti izifulumila popeleka malaisensi. Conco musadalile masiku 45 amene anapelekedwa mu 2024. Cilengezo ciliconse cikatuluka, yambani mwayang'ana tsiku lotsekela ndemanga, mulilembe pa kalenda, kenako muwelengele ola lake malinga ndi nthawi ya ku Washington, imene ili kumbuyo kwa ya ku Lusaka ndi maola 6 kapena 7 kutengela nyengo.