Makona a malo a mgodi akukanidwa pa fomu ya laisensi: mmene ndinakonzera

Polemba fomu ya pa intaneti yopempha laisensi ya mgodi, kompyuta inkakana makona a malo, n'kumati akulowa m'malo a laisensi ya eni ake. Pamalopo malire sankakhudzana n'komwe.

Vuto linali datamu, yomwe ndi maziko oyezera manambala osonyeza pomwe malo ali pa dziko lapansi. Manambala a makona anatengedwa pa mapu akale a 1:50,000 omwe ali mu datamu ya Arc 1950, pomwe fomu inkafuna datamu ya WGS 84. Manambala omwewo ukawalemba mu datamu ina, malo amasuntha mamita opitirira 100, makamaka chakumpoto kapena kummwera. Pa mgodi waung'ono, mtunda umenewu ndi wokwanira kukulowetsa kwa mnzako.

Datamu imalembedwa m'mphepete mwa mapu, yambani mwaiwerenga. Ndinalowetsa makona onse mu QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta ya mapu, ndi kuwapatsa nambala ya EPSG:20936, yomwe imaimira Arc 1950 ya UTM (manambala a m'mamita) zoni 36S. Apa mpomwe ambiri amaphonya: kungosintha dzina la datamu sikusintha manambala. Pafunika kugwiritsa ntchito chida cha QGIS cha "Reproject Layer" kupita ku EPSG:4326, yomwe ndi WGS 84, ndipo manambala atsopanowo ndiwo olemba pa fomu, m'madigiri, maminiti ndi masekondi ngati ikufuna choncho.

Latichudi ya ku Malawi ndi ya kummwera, choncho musaiwale S kapena chizindikiro chochotsera. Makona alembedwe motsatizana kuzungulira malowo, apo ayi mizere imapingasana.

Ndisanatumizenso, ndinaima pa kona imodzi ndi GPS yoikidwa pa WGS 84. Manambala anagwirizana, fomu inadutsa.