Mayina a mafayilo okhala ndi mpata mu shell script

Mukalemba `rm $fayilo` mu script ya bash (`rm` ndi lamulo lofufuta mafayilo, ndipo `$fayilo` ndi variable yosunga dzina la fayilo), pomwe dzina la fayiloyo ndi `ndalama za mwezi.txt`, shell, pulogalamu yoyendetsa malamulo a mu script, imaduladula dzinalo pa mpata uliwonse. Ndiye `rm` imalandira mayina atatu: `ndalama`, `za` ndi `mwezi.txt`. Ngati mufodamo muli fayilo ina yotchedwa `ndalama`, imeneyo yapita basi, ndipo simufunsidwa n'komwe.

Mankhwala ake ndi osavuta: muzilemba `"$fayilo"`, ndi tizizindikiro tiwirito nthawi zonse. Chimodzimodzinso `"$@"` mukamapatsira pulogalamu ina zomwe script yanu yalandira.

Chizolowezi cholemba `for f in $(ls)` chisiyeni ndithu, ngakhale chimaoneka chachidule. Lembani `for f in ./*.txt`. Apa dzina lililonse limabwera lathunthu, komanso `./` wakutsogoloyo amathandiza pa mayina oyamba ndi `-`, omwe `rm` ikanawatenga ngati option.

Powerenga mizere ya mufayilo, gwiritsani ntchito `while IFS= read -r mzere`. Mukaiwala `IFS=`, mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto kwa mzere imadyedwa mwakachetechete. Mukaiwala `-r`, backslash (`\`) imasowa.

Koma dziwani kuti pa Linux dzina la fayilo limatha kukhala ndi mzere watsopano m'kati mwake, poti zoletsedwa ndi `/` ndi NUL (byte ya ziro) zokha. Choncho mukamafufuza ndi `find`, onjezani `-print0` kenako mupatsire `xargs -0`, kuti mayina azilekanitsidwa ndi NUL osati mzere watsopano.

Script musanaiyendetse, ipititseni kaye mu ShellCheck, pulogalamu yofufuza zolakwika mu script. Ikalemba SC2086, ndiye kuti pali variable yomwe mwaisiya yosatsekera mu tizizindikiro tiwiri tija (`""`).